Kodi zonse zimatulukadi ndi thukuta? Nkhani ya tchipisi cha m'mapaketi



Pali mawu ena amene amamveka kawirikawiri pa bwalo la mpira, pa siteji ya akabaza ngakhalenso ku dimba. Munthu akakhala ndi paketi ya tchipisi m'manja, mnzake n'kumudzudzula, iye amayankha kuti sangadwale nazo chifukwa amagwira ntchito yolemetsa ndipo zonse zimatuluka ndi thukuta. Mwina inunso munayankhapo choncho. Mawu amenewa si abodza onse ayi. Muli choona m'menemo, koma choonacho ndi theka chabe. Tiyeni tione theka limeneli, kenaka tionenso theka linalo limene anthu ambiri salitchula.

Tchipisi chimene tikunena pano ndi chouma, chopyapyala chija, chimene chimabwera m'mapaketi onyezimira. Ena amati makirisipi. Mumachiona chitapachikidwa m'mabaraka a ku Ulongue ndi ku Dómue, pa chipata cha Calómue, pa Biriwiri, ndi pa msika wa Lizulu. China n'chochokera ku South Africa, monga cha Simba ndi Lay's, china n'cha makampani a kuno kwathu ndi a ku Malawi. Tikhudzanso abale ake, tofufuma ta chimanga tija timene ana amati kamba kapena majigisi, ndi tchipisi cha pachiwaya.

Kachewere wathu yemweyu

Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano sitifunika kuuzidwa za kachewere. Timamulima tokha, ndipo magalimoto amadzamutenga kupita naye ku Tete, ku Beira ndi m'mizinda ya ku Malawi. Choncho wina akhoza kufunsa kuti, ngati tchipisi ndi kachewere yemweyo, cholakwika chili pati?

Kachewere alibe mlandu. Wophika m'madzi ndi chakudya chabwino, chokhutitsa, ndipo mafuta mulibe. Gawo lalikulu la kachewere, pafupifupi magawo 80 mwa 100, ndi madzi. Ku fakitale amamudula mopyapyala ngati pepala ndi kumuponya m'mafuta owira. Madzi onse aja amathawa, ndipo malo ake mumalowa mafuta. N'chifukwa chake pamafunika makilogalamu pafupifupi 4 a kachewere kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tchipisi. Akatero amawaza mchere ndi zokometsera, n'kutseka paketi ataipopera mpweya kuti tchipisicho chisaphwanyike komanso chisavunde msanga. Mpweya umenewu ndi umene umachititsa paketi kuoneka yodzadza pamene muli tchipisi cha m'manja awiri.

Azaumoyo amayeza mphamvu ya chakudya ndi muyeso wotchedwa makalori, monga momwe timayezera petulo ndi malita. Magalamu 100 a kachewere wophika ali ndi makalori osapitirira 90. Magalamu 100 a tchipisi cha m'paketi ali ndi makalori pafupifupi 530, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mafuta okhaokha. Ndiye kuti mukadya paketi yaikulu ya magalamu 125 mwadya makalori oposa 650, ndi mafuta okwana masupuni aakulu atatu. Palibe munthu amene angatenge botolo la mafuta ophikira n'kumwa masupuni atatu, koma m'paketi timamwa osamva.

Theka loona

Inu akabaza amene mumapalasa njinga tsiku lonse mutanyamula munthu kapena matumba awiri a chimanga, inu amene mumadzuka m'mamawa kukagaula m'munda, inu amayi amene mumasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri: thupi lanu limatenthadi mphamvu zambiri. Munthu wamkulu wogwira ntchito yopepuka amafuna makalori pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku, pamene wogwira ntchito yolemetsa akhoza kufuna oposa 3,000. Kwa munthu wotere, kapaketi kakang'ono ka magalamu 30, kamene kali ndi makalori pafupifupi 160, sikangamunenepetse. Akapalasa njinga kwa theka la ola, mphamvu ya kapaketi kaja yatha. Pamenepa munanena zoona, ndipo palibe chifukwa choti munthu wa thanzi, wolimbika ntchito, aziopa kapaketi kamodzi ka apo ndi apo ngati kuti ndi chiphe.

Koma tiyeni tifunsane moona mtima kuti ndani kwenikweni amene ali m'gulu limeneli. Mnyamata amene amasewera mpira Loweruka ndi Lamulungu lokha, masiku enawo n'kumakhala pa benchi akugulitsa m'baraka, sali m'gululi. Mphunzitsi amene amathamanga pang'ono m'mawa kawiri pa sabata akuchita bwino kwambiri, ndipo asaleke, koma nayenso sali m'gululi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timati OMS ndipo ku Malawi amati WHO, linanena mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Amene amakwanitsa mphindi 150, akuyenda ndawala, amatentha mphamvu yofanana ndi paketi yaikulu imodzi yokha pa sabata yonseyo. Kunena mwa njira ina, kuti muthetse paketi ya magalamu 125 muyenera kuyenda pansi makilomita pafupifupi 10, pamene kuidya sikutenga ndi mphindi 15 zomwe.

Palinso akabaza amene anasiya njinga yakapalasa n'kugula yamoto. Dzina la ntchito ndi lomwelo, siteji ndi yomweyo, kadyedwe ndi komweko, koma amene akutuluka thukuta tsopano ndi injini. Ambiri mwawaona momwe mimba imayambira kutsogola pakangotha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Ulimi nawo uli ndi nyengo. Ntchito yowawa imakhala m'dzinja, pamene ndalama m'thumba mulibe ndipo palibe amene akuganiza za tchipisi. Ndalama imabwera tikakolola ndi kugulitsa kachewere, soya, nyemba kapena fodya, nthawi imene khasu lapachikidwa. Ndiye kuti mapaketi timagula kwambiri pa miyezi imene thupi likupuma. Thukuta la mu Disembala silingalipire paketi ya mu Julayi.

Ofufuza a pa yunivesite ya Harvard ku America anatsatira anthu oposa 120,000 kwa zaka zambiri, akulemba zimene amadya, momwe amalimbitsira thupi ndi momwe sikelo yawo imasinthira. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Pa zakudya zonse zimene anaziunika, tchipisi cha m'mapaketi ndicho chinali patsogolo pa kunenepetsa: munthu amene anawonjezera kudya tchipisi kamodzi pa tsiku ankakwera ndi magalamu pafupifupi 770 pa zaka zinayi zilizonse, ndipo izi zinaoneka ngakhale atawerengera kale za masewera amene munthuyo amachita. Anthu amenewa anali anamwino ndi ena ogwira ntchito za chipatala, osati alimi ngati ife, ndipo magalamu 770 akuoneka ochepa. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Ganizirani zaka 20.

N'chifukwa chiyani munthu sasiya paketi ili pakati?

Yesani kudya kachewere wophika asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Mufika pachinayi mimba itakana. Koma paketi ya tchipisi imatha, ndipo mukapita kunyumba mumadyanso nsima yanu yonse ngati simunalawe kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mimba imamva kukhuta ndi kuchuluka ndi kulemera kwa chakudya, ndipo tchipisi n'chopepuka, chopanda madzi, chosungunuka msanga m'kamwa. Mchere ndi mafuta zikaphatikizana zimachititsa lilime kufuna china.

Mu 2019 wofufuza wina wa ku America, Kevin Hall, anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya zopangidwa ku fakitale, milungu iwiri inayo zakudya zophika kuchokera ku zinthu zosasinthidwa, ndipo aliyense ankaloledwa kudya mpaka atakhuta. Pa milungu ya zakudya za ku fakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku, ndipo anakwera pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa milungu inayo anatsika ndi muyeso womwewo. Anthu ake anali omwewo. Chimene chinasintha ndi chakudya.

Theka limene latsala: mchere

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tikupempha kuti muwerenge modekha.

N'zoona kuti thukuta limatulutsa mchere. Aliyense amene anaonapo mizere yoyera pa malaya kapena pa chipewa atachoka kumunda akudziwa zimenezi. Lita imodzi ya thukuta imatuluka ndi mchere wokwana magalamu awiri kapena atatu, ngakhale anthu amasiyana, ndipo wosewera mpira akhoza kutaya lita imodzi kapena awiri pa masewero amodzi kunja kukatentha. Koma thupi si lopusa. Munthu akazolowera ntchito ya padzuwa, thupi limaphunzira kusunga mchere, thukuta lake limakhala losawawa kwambiri, ndipo impso zimachepetsa mchere wotuluka ndi mkodzo. Komanso kuno kumapiri n'kozizira. Thukuta la munthu wa ku Tsangano mu Juni si lofanana ndi la munthu wa mu mzinda wa Tete mu Okutobala.

Tsono funso ndi lakuti, kodi mchere umene mwatayawo mukusowa poubwezera? Bungwe la OMS limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera wonse, wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wa m'zogula. Magalamu 5 sadzadza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Lipoti la bungweli la mu 2023 linasonyeza kuti pa dziko lonse anthu amadya magalamu oposa 10 pa tsiku, kuwirikiza kawiri muyeso uja. Yang'anani m'khitchini mwanu. Muli mchere umene amayi amathira m'ndiwo, muli kaldo amene pafupifupi theka lake ndi mchere, muli soda wa m'therere amene ndi mbale wake wa mchere, muli nsomba ya chikowa yochokera ku Cahora Bassa imene imaumitsidwa ndi mchere wambiri, ndiye pa mphasa pali kambale ka mchere wowaza. Zimene thukuta linatulutsa masana, nsima ya madzulo imabweza zonse ndi kupitirira.

Tinene chilungamo: tchipisi si ndicho chili ndi mchere wambiri kuposa zonsezi. Magalamu 100 amakhala ndi galamu imodzi kapena awiri, ndipo kapaketi kakang'ono sikapitirira kwenikweni theka la galamu. Chimamveka chowawa mchere chifukwa mcherewo uli pamwamba, umafika pa lilime poyamba. Vuto lake n'lakuti mchere umenewu umabwera pamwamba pa mtolo umene walemera kale. Paketi yaikulu imodzi ikhoza kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a muyeso wanu wa tsiku lonse musanakhudze ndiwo. Ndiponso lilime likazolowera kuwawa kumeneku, ndiwo za kunyumba zimayamba kumveka zosakolera, ndipo dzanja limapita ku kambale kaja.

Mchere ukachuluka m'thupi umakoka madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo mtima umapopa movutikira. Awa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ku chipatala kuno amati tensão, anzathu a kutsidya amati BP. Mapeto ake ndi kufa ziwalo mwadzidzidzi kumene ambiri timati trombose, kutupa kwa mtima ndi kuwonongeka kwa impso.

Mwina mukuti amenewo ndi matenda a mabwana a m'tauni, onenepa, oyenda pa galimoto. Mu 2005 m'dziko lonse la Mozambique munachitika kafukufuku woyeza magazi a anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo mmodzi mwa amene anatsogolera anali Pulofesa Albertino Damasceno, dokotala wa mtima wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Anapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse anali ndi tensão yokwera. Ngakhale kumidzi, mwamuna mmodzi mwa atatu alionse anali nayo. Atabwereza kafukufukuyu mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinali chitafika pa 39 mwa 100. Pa odwalawo, amene ankadziwa kuti akudwala anali pafupifupi 15 okha mwa 100. Ku Malawi kafukufuku wonga yemweyu wa mu 2009 anapezanso anthu 33 mwa 100.

Sitikunena kuti anthu onsewa anadwala chifukwa cha tchipisi ayi. Ambiri a iwo mwina sanachilawepo. Chimene tikufuna muone n'chakuti amuna a kumidzi amenewa ndi anthu a khasu, a nkhwangwa ndi a njinga, otuluka thukuta tsiku ndi tsiku, ambiri owonda bwino, koma matendawa anawapeza. Kulimbitsa thupi kumatsitsadi tensão pang'ono ndipo kumalimbitsa mtima, n'chifukwa chake azaumoyo amakulimbikitsa. Koma sikutseka khomo. Ndipo matendawa salira belu. Chakudza sichiimba ng'oma: munthu akhoza kugoletsa zigoli ziwiri Lamulungu magazi ake ali pamwamba, iye osamva kanthu.

Pochepetsa mchere musasiye kugula wa ayodini. Kuno kumapiri ayodini ndi amene amatiteteza ku chithokomiro ndipo amathandiza ubongo wa mwana ali m'mimba. Thirani wochepa, koma ukhale wa ayodini.

Thupi lotopa limafuna chiyani?

Munthu akamaliza mpira kapena ulendo wautali wa panjinga, thupi limafuna zinthu zitatu: madzi, chakudya chobwezera mphamvu, ndi chakudya chomanga minofu imene yagwira ntchito. Tchipisi madzi mulibe, ndipo chimawonjezera ludzu, n'chifukwa chake nthawi zambiri chimatsagana ndi botolo la chakumwa cha shuga kapena mowa. Zomanga thupi muli zochepa, magalamu 6 kapena 7 pa magalamu 100. Mtedza wokazinga uli ndi magalamu pafupifupi 25. Mtedzawo ulinso ndi mafuta ambiri, makalori ake amaposa a tchipisi pang'ono, choncho wofuna kuchepetsa thupi asadye chibakera ndi chibakera. Koma kwa kabaza ndi wosewera mpira mtedza ndi wabwino koposa, chifukwa umakhalitsa m'mimba ndipo umamanga. Nthochi ziwiri ndi kapu ya maheu kapena thobwa zimabwezera mphamvu msanga kuposa paketi iliyonse. Chimanga chootcha, mbatata yootcha, dzira lowiritsa, futali, zonsezi zili pa msika womwewo, kawirikawiri pa mtengo wotsika.

Kudya tchipisi mutatsala pang'ono kulowa m'bwalo n'kosathandiza. Mafuta amachedwa kugayika, ndipo mumathamanga m'mimba muli zii.

Nanga cha pachiwaya?

Chimenechi chili ndi madzi ambiri kuposa cha m'paketi, ndiye makalori ake ndi ocheperapo, pafupifupi 300 pa magalamu 100. Koma mbale yake imakhala yaikulu, mchere mumawaza nokha, ndipo mafuta ake amawira kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawa n'kungowonjezeramo ena. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amada, amachita thovu, ndipo amapanga zinthu zimene zimawononga mitsempha ya magazi. Mukaona mafuta akuda ngati oyilo wa galimoto, pitirirani.

Mu 2002 asayansi a ku Sweden anapeza kuti kachewere ndi zakudya zina zokhuthala zikakazingidwa pa moto waukulu zimapanga mankhwala otchedwa acrylamide, amene akatswiri a khansa a bungwe la OMS anali atawaika kale mu 1994 m'gulu la zinthu zimene zingathe kuyambitsa khansa. Amapezeka m'tchipisi cha mitundu yonse iwiri, ndipo amachuluka tchipisi chikapserera. Inu okazinga, chotsani chikadali chachikasu, musadikire kuti chifiire.

Ana amathamanga tsiku lonse, komabe

Palibe wamkulu amene amathamanga kuposa mwana wa zaka zinayi. Koma kwa mwana nkhawa yathu si kunenepa. Kafukufuku wa boma wa mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Mozambique ndi opinimbira. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Mukamupatsa majigisi kuti atonthole pa msika kapena pa mzere wa sikelo, afika kunyumba n'kukana phala la nsinjiro, ndipo tsiku limenelo wataya chakudya chimene chikanamukulitsa. Tofufumato ndi ufa wa chimanga, mafuta, mchere ndi utoto basi. Mwana akazolowera zala zofiira ndi kukoma kwa mchere, nkhwani ndi chisoso amaziona ngati chilango. Inu agogo ndi atsibweni amene mumabwera ndi timapaketi kuchokera ku msika chifukwa chokonda adzukulu, nthochi kapena pichesi imasonyezanso chikondi chomwecho.

Werengani kumbuyo kwa paketi

Mapaketi ambiri ali ndi kabokosi ka manambala kumbuyo, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Funani mawu akuti sódio kapena sodium pa mzere wa magalamu 100. Nambala imeneyo muichulukitse kawiri ndi theka kuti mupeze mchere: mamiligalamu 600 a sódio ndi galamu imodzi ndi theka ya mchere. Onaninso tsiku lothera ntchito, pamene alemba kuti validade, chifukwa mapaketi a m'malire muno amayenda ulendo wautali ndipo amakhalitsa padzuwa. Paketi ikakhala yophwa kapena tchipisi chikamanunkha mafuta akale, musadye.

Ngati ndinu wa thanzi, wolimbika ntchito, ndipo mwalakalaka, gulani kakang'ono osati yaikulu, kamodzi kapena kawiri pa sabata, mutadya kale nsima osati m'malo mwa nsima. Yaikulu ikagulidwa, igawidwe timu yonse. Ngati anakuuzani kale ku chipatala kuti muli ndi tensão, shuga, kapena vuto la mtima kapena impso, ndi bwino kuchisiya, ngakhale mumapalasa njinga kuchokera ku Ulongue mpaka ku Calómue tsiku lililonse. Mankhwala anu musaleke chifukwa choti mwayamba kuthamanga.

Ndipo inu amene simunayezetsepo, makamaka ngati mwapitirira zaka 30 kapena kwanu kuli wina amene anafa ziwalo, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi mukapemphe kuti akuyezeni tensão. Sizipweteka ndipo sizitenga mphindi zisanu. Musayezetse mutangotsika panjinga. Khalani pansi mupume kaye. Funsani manambala onse awiri ndipo muwalembe. Yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi ikafika 90, mubwererenso tsiku lina kuti akayeze kachiwiri, ndipo mutenge kapepala ka manambala oyamba aja.